Makumba a Nyamanda ndi Mlendo Wolemekezeka

Ana anga, m'mitu yapitayi ndadzitamandira mokwanira, ndipo mwaona kuti atate anu sanali munthu wamba pa ntchito. Mutu uno si wodzitama. Ndiulemba msanga ndisanasinthe maganizo, chifukwa nkhani yake ikandifikira, mpaka lero ndimadzuka pampando n'kuyamba kuzungulirazungulira pabwalo ngati ndataya kanthu.

Chaka cha maphunziro

Ulangizi wa ulimi wa nsomba ndinaulowa chifukwa ndi kumene kunapezeka malo. Mwana wa ku Dedza ngati ine, nsomba ndinkaidziwa youma, ya pamsika, yoyeza ndi kambale. Zoti nsomba imapuma ndinazimva ndili ndi ndevu kale.

Anatiphunzitsa zimenezi ndi mayi wina wamfupi, wosaseka, amene tonse tinkamuopa. Tsiku lina analowa m'kalasi ndi mabotolo atatu agalasi, aakulu kukamwa, lililonse muli kansomba kofiirira ngati lalanje lakupsa. Anati dzina lake ndi golidifishi, ndipo si ka ndiwo, anthu amangokasunga m'nyumba kuti azikayang'ana. Tinaseka mpaka misozi, koma iye anangodikira kuti timalize. Botolo loyamba analiika m'beseni la ayezi, lachiwiri analisiya patebulo, lachitatu analiika m'beseni la madzi ofunda. Kenako anatilozera tizitseko tija ta m'masaya mwa nsomba, timene timatseguka n'kutsekeka, nati aliyense atenge wotchi awerenge kuti tikutseguka kangati pa mphindi imodzi. Ka mu ayezi kankapuma mwaulesi ngati kali mtulo. Ka patebulo kankapuma bwinobwino. Ka m'madzi ofunda masaya ake ankathamanga mpaka diso kulephera kutsatira, ndipo posakhalitsa kanakwera pamwamba n'kuyamba kuyasamula kukamwa.

"Nsomba ilibe kutentha kwakekwake ngati inu," anatero mphunzitsiyo uku akuchotsa botolo lija m'madzi ofunda. "Madzi akatentha, thupi lake limatentha, ndipo limafuna mpweya wambiri. Tsono madzi otenthawo ndi amene amasunga mpweya wochepa. Njala ikukula, nkhokwe ikuchepa. N'chifukwa chake mbewu ya nsomba imayenda m'mawa dzuwa lisanakwere, ndipo ikafika siyimirira panjira."

Pa zonse zimene ndinaphunzira chaka chimenecho, ichi chokha ndi chimene chinandilowa mpaka m'mafupa.

Zaka zitatu zoyamba ku Chintheche

Amene anaganiza zotumiza munthu wa ku Dedza kukaphunzitsa Atonga za nsomba, Mulungu amukhululukire. Sabata yoyamba ndinaitanitsa msonkhano m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja. Ndinalankhula ola lathunthu za kukumba madamu. Nditamaliza, bambo wina amene ankasoka ukonde nthawi yonseyo anadzutsa mutu n'kuloza nyanja ndi singano yake, akunditcha ada, monga Atonga amaitanira bambo.

"Ada, damu lathu ndi ilo. Anatikumbira kale. Kapena mukufuna tiwonjezere?"

Anthu anagwa nako kuseka, ine n'kupinda mapepala anga.

Zosowa ndiye musanene. Njinga yamoto inalipo koma mafuta ankabwera ngati mvula ya chilimwe. Choyezera kutentha kwa madzi chinasweka mwezi woyamba, ndipo makalata opempha china ndinalemba mpaka ndinaloweza mawu ake pamtima. Sichinabwere. Zida zanga zinatsala ziwiri, wotchi ya pamkono ndi botolo lakale la jamu. Ndikafuna kudziwa ngati nsomba zili bwino, ndinkatunga kamodzi m'botolo n'kuwerenga masaya ake, monga anatiphunzitsira.

Bwana wanga anali bambo Matewere. Sindinganene kuti anali woipa mtima, koma ndi munthu amene ankavala suti ndi tayi mu Okutobala m'mbali mwa nyanja, thukuta lili kamukamu, n'kumati ulemu wa ofesi. Ntchito kwa iwo inali chithunzi ndi lipoti. Damu likakhala lopanda chithunzi, ndiye kuti silinakumbidwe. Patebulo pawo panali kabokosi ka makalata odikira siginecha, ndipo m'kabokosimo munagona kalata yanga yopempha kuti andisamutsire kufupi ndi kwathu. Mayi anu ankaphunzitsa ku Dedza, inu munali aang'ono, ndipo ndinkakuonani pa tchuthi chokha. Iwe Mphatso unafika pondibisalira kumbuyo kwa chitseko poyesa ndine mlendo. Kalatayo inakhala m'kabokosimo chaka ndi miyezi, ndipo ndikaifunsa ankangoti, "Tikuiyang'ana."

Anthu amene anandimvera ndinawapeza kumapiri, kutali ndi nyanja, kumene nsomba imafika itadutsa m'manja mwa ogulitsa atatu. Woyamba kundimvera anali mayi wina wamasiye, Nyamanda, wamtali, wolankhula pang'ono, amene ankalera zidzukulu zinayi ndi chinangwa chokha. Anasonkhanitsa amayi anzake a kutchalitchi ndipo anakumba damu ndi makasu, dothi akusenza m'mabeseni pamutu. Ndikati m'mbali mupendeke chonchi, ankapendeketsa chonchodi. Ndikati thirani manyowa a mbuzi mpaka madzi abiriwire, ndinkapeza abiriwira. Abambo a m'mudzimo ataona kuti amayi awaposa, anachita manyazi n'kukumba madamu awo awiri kumunsi kwa dambo. Madamu onse atatu anadzaza madzi n'kuyamba kudikira mbewu. Kawiri konse ndinawalonjeza, kawiri konse sinabwere, ndipo Nyamanda sanandinenepo mawu oipa.

Okutobala wa chaka chachinayi

Mbewu inapezeka, tiana ta makumba, nsomba yofanana ndi chambo, totalika ngati chala, tokwanira madamu onse atatu. Ndinathamangira ku ofesi ndi chimwemwe, osadziwa kuti ndikukadziputira. Bambo Matewere anaomba m'manja nati nkhaniyi ndi yaikulu, aitana bwana wamkulu wa ku likulu kuti adzakhale mlendo wolemekezeka, adzathire nsombazo m'damu ndi manja ake.

"Bwana," ndinatero, "uno ndi Okutobala. Tiyeni tikathire m'mamawa, tisiye zochepa m'chidebe pamthunzi, mlendo adzathire zimenezo."

"Munthu anyamuke ku likulu kudzathira chidebe? Kodi mukufuna anene kuti kuno timasewera? Akufuna aone migolo. Mwambo uyamba naini koloko, dzuwa likhala lisanapse. Musadere nkhawa."

Ndinagwira ntchito zaka zambiri, ana anga, ndipo mlendo wolemekezeka wofika pa nthawi yolembedwa papepala sindinamuonepo. Ndinkadziwa. Koma ndinangoti chabwino.

Tsikulo ine ndi dalaivala wathu, a Longwe, tinalawira kumadamu oswetsera nsomba n'kupakira migolo itatu yapulasitiki m'pikapu. Seveni koloko inatipeza tafika kale m'mudzi. Tinatsitsa migolo pansi pa mtengo wa mango, ndinatunga kansomba kamodzi m'botolo n'kuwerenga. Kankapuma modekha. Mtima unakhala pansi.

Eyiti koloko bambo Matewere anafika ndi tenti, mipando ndi chinsalu chachikulu chabuluu cholembedwa mawu olandira mlendo. Ataona migolo pansi pa mango anakwinya nkhope. Anati mlendo akakhala pampando aziiona patsogolo pake, ndiye inyamulidwe iikidwe pakati pa bwalo. Pabwalopo panalibe ngakhale mthunzi wa udzu. Ndinathyola masamba a nthochi n'kufundika migolo, iwo n'kuwachotsa, ati zikuoneka ngati tikugulitsa mowa. M'malo mwake anaifundika ndi chinsalu chabuluu chija, ati mlendo adzavundukule yekha anthu akuwomba m'manja. Pa mgolo wapakati analembapo ndi choko dzina la gulu la Nyamanda, chifukwa damu lawo linali lapafupi komanso lokongola, ndiye mwambo wothira ukachitikira kumeneko.

Naini inakwana, zii. Teni koloko bwana anakwera pachulu, pamene pankagwira netiweki pokhapo, n'kutsika akumwetulira. Ati mlendo wanyamuka ku Nkhotakota kumene anagona. Ku Nkhotakota! Abambo a malipenga anayamba kuvina kuti anthu asatope, fumbi lili koboo. Ine ndinakwawira pansi pa chinsalu ndi botolo langa. Madzi anali atafunda ngati osambitsira khanda, ndipo masaya a kansomba anali atayamba kuthamanga. Ndinapempha amayi kuti atunge madzi a kudamu tisinthanitse ndi a m'migolo. Ulendo umodzi wokha, bwana analetsa.

"Mukuchititsa matope kutsogolo kwa tenti. Mlendo aponde chithaphwi ndi nsapato zake? Komanso amayiwa akufunika akonzekere gule wa chilimika."

Leveni koloko ndinawerenganso. Chiwerengero chinali chitatsala pang'ono kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi cham'mawa. Ndinatenga kapu n'kumatunga madzi ndi kuwatsanuliranso momwemo kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya, mgolo uwu, mgolo uwo, mkono mpaka kuchita dzanzi. Ndinapita kwa bwana ndi botolo m'manja kuti adzionere okha.

"Kodi mwakhala dokotala wa nsomba?" anatero osaliyang'ana n'komwe. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adutsa kale pa Dwangwa."

Dzuwa litafika paliwombo, ndinavundukula chinsalu ndipo pamwamba pa madzi panali timilomo tokhatokha, tikuyasamula. Bwana anali atakweranso pachulu. A Longwe, munthu amene anakulira m'bwato, anasuzumira mu mgolo n'kundiyang'ana.

"Ada, izi zikufa. Galimoto ili apa."

Tinakokera migolo iwiri ya m'mbali m'pikapu n'kutsetsereka kumadamu a abambo aja. Kumeneko ndinachita monga zimafunikira, kuthira madzi a m'damu pang'onopang'ono mu mgolo kuti nsomba zizolowere, kenako kupendeketsa kuti zituluke zokha. Zinafa zochepa, zambiri zinalowa pansi. Mgolo wapakati tinausiya dala kuti chinsalu chisagwe bwana asanatsike, poganiza kuti tiubwerera. Titabwerera tinapeza bambo Matewere ataima pambali pake, dzanja lili pamwamba pa mgolo.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa mudzi wonse," anatero motsitsa mawu kuti anthu asamve. "Iwiriyo ndaikhululuka. Koma mukakhudza uwu mlendo asanafike, kalata yanu ija muiiwale. Mudzapumira ntchito konkuno."

Nthawi yomweyo Nyamanda anatulukira ndi amayi anzake, aliyense chidebe m'manja, ena atayika kale nkhata pamutu. Damu lawo linali pafupi, mtunda woti munthu akaitana kumeneko amamveka. Akanatunga ndi zidebezo, mgolo ukanatha mphindi khumi zisanakwane. Sanayang'ane bwana. Anayang'ana ine, chifukwa ndine ndinawaphunzitsa zonse kuyambira khasu loyamba.

"Ada alangizi, somba izi zasuzgika ukongwa, zavutika kwambiri. Tinyamule?"

Panafunika liwu limodzi lokha, lakuti nyamulani. Ndinayang'ana mgolo, ndinayang'ana bwana, ndinaganiza za inu. Ndipo ndinati, "Tidikireko pang'ono, mayi. Akuti ali pafupi."

Nyamanda anatula chidebe pansi n'kukakhala pamphasa. Amayi enawo anamutsatira. Akulu anati ndionetsetse adathetsa nkhosa, ndipo ine ndinaonetsetsa maola ena atatu, kapu ili m'manja.

Mlendo uja anali pafupidi. Anali pa Kande, akudya nkhomaliro pamalo ena ogona alendo, mphepo ya kunyanja ikumuwomba. Anafika itadutsa fili koloko ndi magalimoto anayi. Mukuganiza kuti tinathamangira kudamu? Ayi ndithu. Kunayamba pemphero. Kenako kudziwitsana, mmodzimmodzi, aliyense kuimirira ndi kukweza dzanja, mpaka madalaivala. Kenako chilimika. Kenako mawu a wapampando wa chitukuko, mawu a mfumu, mawu a bambo Matewere amene anatenga theka la ola kufotokoza mmene ofesi yawo imakondera alimi. Mlendo naye analankhula bwino kwambiri, ati nsomba ndi chuma, ati ana akamadya nsomba amakhoza m'kalasi. Ine ndinali nditasiya kuwerenga, chifukwa tinsomba timene ndinkatunga tinali titayamba kugona cham'mbali.

Mlendo anavundukula chinsalu, anthu anawomba m'manja, bwana anaima mochenjera kuti mlendo asasuzumire. Abambo ananyamula mgolo mpaka kudamu, amayi akuimba pambuyo. Ndinayesa kunong'oneza kuti tisakanize kaye madzi, koma wojambula anali atakonzeka kale. Mlendo anapinda manja a malaya, anagwira m'mphepete, abambo anakankha, ndipo zonse zinakhuthukira m'damu kamodzi, khuthu.

Poyamba panali thovu lokha. Kenako zinayamba kuyandama, kamodzi, tiwiri, kenako damu lonse la mbali imeneyo linayera ndi timimba. Nyimbo inazilala yokha, mayi mmodzi mmodzi kusiya, mpaka kunatsala ng'oma, nayonso n'kuleka.

"Kodi zikupumula?" anafunsa mlendo uja.

"Zatopa ndi ulendo, bwana," anayankha bambo Matewere. "Zidzuka."

Wojambula anasuntha n'kujambula cha kumene madzi anali oyera. Mlendo anayang'ana wotchi, anati kunja kukuda ndipo msewu ndi wautali, anagwirana chanza ndi onse n'kukwera galimoto. Fumbi lisanathe, Nyamanda anakwinya chitenje, analowa m'damu mpaka m'chiuno ndi lichero m'manja, n'kuyamba kuwola tinsomba takufa tija. Amayi anzake analowa nawo. Palibe anandiyang'ana, ndipo ndikanakonda akananditukwana.

Disembala wa chaka chomwecho

Kalata yanga inasainidwa sabata yomwe ija ya mwambo. Lipoti la mwambowo linatuluka ndi chithunzi chokongola, ndipo linati nsomba zinathiridwa m'madamu atatu mosangalatsa. Ndinapempha mbewu ina ya gulu la amayi, anandiyankha kuti m'mabuku damu limenelo lalandira kale. Ndinapita kwa abambo aja kupempha kuti agaweko, anati adikire ziswane kaye, mwina chaka chamawa. Mwezi ndi theka ndinazemba kupita kumudziko, ndikunamizira mafuta a njinga.

Katundu wanga atamangidwa, ndinaona kuti sindingachoke ngati wakuba. Ndinakwera phiri kukatsanzika. Damu la amayi linali lidakali lodzaza, lobiriwira bwino, m'mbali mwake mosesedwa, koma munali achule okha. Nyamanda ndinamupeza akusenda chinangwa chonyika. Anandiyalira mphasa, anandifunsa za kunyumba, ndipo nditamuuza kuti ndikusamukira kwathu anati, "Yewu, ada. Ana akondwa." Ndinayamba kufotokoza za tsiku lija, za mlendo kuchedwa, za bwana ndi chinsalu chake. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Bwana wanu ine ndilibe naye mlandu cha," anatero akupitiriza kusenda. "Uja somba sazidziwa. Mlendo nayenso sazidziwa. Pabwalo lonse lija amene ankadziwa ndinu, ndi botolo lanu. Ife tinafunsa inu."

Ndinkafuna kumuuza za kalata, koma ndinaona kuti kwa mayi wolera zidzukulu zinayi ndi chinangwa, kufuna kukhala pafupi ndi ana anga sikukanamveka ngati chifukwa.

Ndinati ndinyamuke, iye anakana, ati mlendo sachoka ndi njala. Analowa kukhitchini, ndipo patapita nthawi anabwera ndi madzi osamba m'manja ndi mbale ziwiri. M'mbale ina munali kondowole, nsima ya chinangwa. Nditavundukula inayo ndinapeza tinsomba touma, tating'ono ngati chala, tokazinga ndi tomato. Sanali usipa. Ndinatizindikira nthawi yomweyo.

"Tinayanika, tinagawana tonse," anatero Nyamanda akukhala pansi moyang'anana nane. "Izi ndinakusungirani. Zokolola za damu lathu ndi zimenezi, ada. Mlangizi alaweko."

Ndinasamba m'manja n'kudya, iye akundiyang'ana, mpaka mbale inayera.